Njira zokonzera ndi kuonetsera zigaza za nyama za uzimba

Lilongwe, Mana: Alenje amene amalipira ndalama zambiri kuti akachite uzimba m'mayiko monga Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi Mozambique kawirikawiri amabwerera kwawo ndi chigaza cha nyama imene anapha, chimene amachisunga ngati chikumbutso. Ena mwa katundu wotereyu amatha kudutsa m'zipata za dziko lino, choncho n'kofunika kuti ogwira ntchito m'boma adziwe mmene zigazazi zimakonzedwera, mmene zimaonetsedwera komanso zikalata zimene ziyenera kuyenda nazo.

Mwambo wopachika zigaza ndi nyanga pakhoma unazika mizu kwambiri ku Germany ndi Austria, kumene mafumu ankakongoletsa nyumba zawo ndi nyanga za agwape akuluakulu. Nyumba yachifumu ya Moritzburg, pafupi ndi mzinda wa Dresden, ikusungabe nyanga za mphanda 66 za gwape amene anaphedwa m'chaka cha 1696. N'chifukwa chake kapachikidwe ka chigaza choyera chopanda chikopa kamatchedwa European mount.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa chikopa, mnofu, maso ndi ubongo. Akatswiri ena amaviika mutuwo m'madzi kwa masabata angapo kuti mnofu uvunde wokha. Ena amauphika pamoto wochepa osalola madzi kubwadamuka, popeza moto wambiri umang'amba mano ndi kuphwasula timafupa tam'mphuno. Kumalo osungirako zinthu zakale amagwiritsa ntchito tizilombo totchedwa dermestid, a mtundu umodzi ndi aja amaononga nsomba zouma, amene amadya mnofu wonse ndi kusiya fupa lili bwinobwino.

Zikatero, chigaza chimaviikidwa m'madzi ofunda a sopo kuti mafuta atuluke, apo ayi chimasanduka chachikasu ndi kuyamba kununkha. Pochiyeretsa amagwiritsa ntchito mankhwala a hydrogen peroxide. Mankhwala a chlorine ochapira zovala sayenera, chifukwa amafooketsa fupa mpaka kuyamba kuyoyoka ngati ufa. Kwa nyama monga njati, ngoma ndi mphalapala, nyanga imavulidwa pa fupa limene lili mkati mwake, ziwirizo n'kutsukidwa, kupakidwa mankhwala othamangitsa tizilombo, kenako n'kubwezeretsedwa.

Njira zoonetsera zigazazi zilipo zingapo. Yodziwika kwambiri ndiyo kukhomera chigaza, chopanda chibwano cham'munsi, pa thabwa losemedwa ngati chishango ndi kulipachika pakhoma. Ina ndiyo kucheka chibade chokha pamene pamera nyanga, njira imene imasunga malo ndipo imathandiza pamene mphuno yaphwanyika ndi chipolopolo. Ku Germany alenje amakonda kulemba tsiku ndi malo a uzimbawo pafupa kapena pathabwapo.

Njira yachitatu ndiyo kukhazika chigaza pa kamtengo kapena kachitsulo koima patebulo, kuti chioneke mbali zonse. Zigaza za mikango ndi akambuku zimasungidwa zathunthu ndi chibwano chomwe, nthawi zambiri m'bokosi lagalasi, pofuna kuteteza mano ku fumbi ndi kuuma kwa mpweya. Mitu yolemera ngati ya njati imafuna zitsulo zolimba zolowa m'khoma, ndipo zonsezi siziyenera kukhala padzuwa kapena pachinyezi.

Chimodzi mwa zifukwa zimene alenje amasamalira zigaza chotere ndi muyeso. M'chaka cha 1892, Rowland Ward wa ku London anayamba kusindikiza kaundula wa miyeso ya nyanga za nyama zikuluzikulu, ndipo ku America bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt anathandiza kukhazikitsa mu 1887, limasunganso kaundula wake. Mkango ndi kambuku zimayezedwa pophatikiza utali ndi ufupi wa m'mbali mwa chigaza, kotero chigaza chothyoka chimataya mtengo wake.

Komabe kukongola kwa chigaza si umboni wakuti chinapezeka mwachilungamo. Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 1982, limaona chigaza, mano ndi nyanga chimodzimodzi ndi nyama yeniyeniyo. Kambuku ali m'ndandanda woyamba wa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo chigaza chake chimafuna chilolezo cha dziko lochokera komanso cha dziko lopitako. Mvuu ndi mkango wa mu Africa zili m'ndandanda wachiwiri, umene umafuna chilolezo chotulutsira kunja.

M'dziko muno, lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 linakonzedwanso mu 2017, ndipo tsopano limapereka chilango chofika zaka 30 kundende kwa opezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa kwambiri popanda chilolezo. Chiwalo cha nyama yotetezedwa chimene munthu wangochitola kutchire ndi katundu wa boma, ndipo chiyenera kuperekedwa ku nthambi yoona za nyama zakutchire.

Pachifukwa ichi, wogwira ntchito pachipata cha Mchinji, Mwanza, Dedza kapena Songwe akapeza bokosi la zigaza ayenera kuona ngati mtundu ndi chiwerengero cha zimene zili mkatimo zikugwirizana ndi zolembedwa pa chilolezo, komanso ngati pali kalata ya dokotala wa zinyama yotsimikiza kuti katunduyo anathiridwa mankhwala. Chigaza chokhala ndi mnofu kapena fungo chingathe kunyamula matenda a ziweto, ndipo chopanda zikalata, ngakhale chitakhomeredwa pa thabwa lokongola chotani, chiyenera kugwidwa ndi kudziwitsa akuluakulu a nyama zakutchire.