MKANGANO WA MPIRA WA MAKOLEJI: KUTHAMANGA SI KUFIKA

Abale anga a m'migodi, mwezi wa August ukafika pamabuka mkangano umodzi m'makomboni mwathu umene sulephera caka ndi caka. Si mkangano wa malipiro kapena wa cakudya ai, koma wa mpira wa anyamata a m'makoleji akuru a dziko la South Africa. Pa nthawi imeneyi mpikisano wao umakhala utafika pakati, ndipo munthu ali yense woonera amakhala atasankha kale timu imene iye akuti idzatenga cikho. Wina akuti a TUT atha, miyendo yao yalemera. Wina akuti ai, a UJ ndiwo angocita mwai cifukwa sanakumane ndi amuna anzao. Mau amakwera kufikira anthu ofuna kugona ayamba kudandaula, ndipo pena ndalama zimaturuka m'matumba. Cifukwa ca ici ndaganiza kuti tikambirane bwino lomwe za mpira umenewu, kuti tione ngati nkotheka kudziwa mwini cikho mpikisano uli pakati.

MPIKISANO WACE UMAYENDA MOTANI

Mpikisano umenewu dzina lace ndi Varsity Football, ndipo unayamba m'caka ca 2013. Mumalowa matimu 8 a makoleji akuru, amene masiku ano timati mayunivesite. Matimuwo si omwewo caka ciri conse, pakuti ena amaturuka, ena nalowa m'malo mwao. Timu iri yonse imakumana ndi inzace iri yonse kamodzi kokha, ndiye kuti imasewera ka 7. Yopambana imalandira mapointsi 3, akafanana mphamvu ali yense atenga 1, ndipo yogonja imabwerera cimanjamanja. Masewera 7 aja akatha, matimu 4 a pamwamba amapatulidwa kuti alimbane awiri awiri, ndipo awiri opambana ndiwo amapita ku masewera otsiriza, amene tonse timati fainolo. Zaka zambiri mpirawu waseweredwa Lacinai madzulo, ndipo umaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya SuperSport. Ndico cifukwa cace ngakhale ife amene sitinapondepo pa khomo la koleji timaudziwa bwino.

Munthu angafunse kuti, kodi wogwira nchito pansi pa nthaka ali nazo ciani za ana a sukulu? Yankho lace ndi lakuti ambiri a ife timacemerera koleji ya dera limene tikugwirako nchito. Amene ali ku migodi ya Rustenburg ndi Klerksdorp mtima wao uli pa NWU, imene imasewerera ku Mahikeng. Amene ali ku Joni agawikana, ena ali ku UJ, ena ku Wits. A ku Welkom amati Kovsies a ku Bloemfontein ndiwo ao, ndipo a migodi ya malasha ku eMalahleni amaloza TUT, popeza kolejiyo iri ndi nthambi yace m'tauni momwemo. A Wits ndiwo amanyadira koposa, amati koleji yao ndi mwana wa mgodi. Pamenepo sanama, pakuti inayamba ngati sukulu ya za migodi ku Kimberley m'caka ca 1896, inasamukira ku Johannesburg mu 1904, ndipo inakhala yunivesite mu 1922. Tsono mkangano wa mpira umasanduka mkangano wa madera, ndipo munthu amaona ngati kunyoza timu yace ndi kunyoza iye mwini.

MAGULU ATATU A OKANGANA

Mukamvetsera bwino mudzapeza kuti okangana onsewa ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la anthu okhulupirira ndandanda wa mapointsi. Iwo sanena zambiri, amangoturutsa foni ndi kukuonetsa timu imene iri pamwamba, basi nkhani yatha. Laciwiri ndi la anthu okhulupirira mbiri. Iwo amati timu imene inatengapo cikho siiwala njira, ngakhale lero iri pansi idzadzuka. Lacitatu ndi la anthu okhulupirira maso ao. Iwo anaona mnyamata mmodzi atapyola anzace atatu namwetsa cigoli cokongola, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe angawauze kanthu.

Onsewa ali ndi kacoonadi kao, koma onsewa amaiwala kuti mpikisano uno ndi waufupi, ndipo osewera ace ndi ana a sukulu. Tiyambe ndi a ndandanda aja.

TIWERENGE NGATI M'BUKU LA MALIPIRO

Matimu 8 akakumana onse kamodzi kamodzi, masewera onse amakwana 28. Timu iri yonse ikasewera ka 4, masewera amene atha ndi 16, ndipo 12 akali m'tsogolo. Timu imodzi ingathe kupeza mapointsi 21 pa mpikisano wonse, ndipo pa nthawi imeneyo 9 mwa iwo sanagawidwe. Tiyerekeze kuti timu ina yapambana masewera onse 4, iri ndi mapointsi 12. Ina yapambana kamodzi, yafanana mphamvu kamodzi, yagonja kawiri, iri ndi 4 okha. Pa komboni onse adzati yoyambayo ndi mkango, yaciwiriyo ndi mbuzi. Komatu mbuzi ija ikapambana masewera 3 otsala idzakhala ndi 13, ndipo mkango uja ukagonja katatu udzatsala pa 12 pomwepo. Sindikuti zimacitika kawiri kawiri, koma buku silinatsekedwe.

Cinanso ndi ici. Ndandanda sanena kuti timu yakumana ndi yani. Ina imayamba ndi matimu ofooka okha okha, nikwera pamwamba msanga, pamene olimba onse akuidikira kutsogolo. Ina imayamba ndi olimba, nioneka ngati yopanda pace, pamene mbali yobvuta ya ulendo wace yatha kale. Ndiponso popeza 7 sagawika pakati, matimu ena amasewera kwao ka 4, ena ka 3, ndipo palibe masewera obwezera monga m'ligi yaikuru. Ukagonja pa bwalo la eni, wagonja, sudzamuonanso kwanu pokhapokha mukakumane m'ndime yotsiriza.

Ulendo naonso uli ndi mau ace. Anyamata a UWC amacokera ku Bellville, pafupi ndi Cape Town, kumene kuli nyanja ndipo mwezi wa August ndi wa mvula. Kuti akafike ku Mahikeng amayenda makilomita oposa 1,000. Johannesburg ali pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kucokera pa nyanja, ndipo mpweya wace ndi wopepuka, kotero kuti mlendo wocokera ku gombe amapuma wefuwefu msanga. M'mwezi womwewo udzu wa kuno umakhala wouma, mpira umathamanga ndi kudumpha, pamene ku Cape bwalo limakhala lonyowa ndi lolemera. Ife a pansi tidziwa kuti munthu watsopano amayamba wazolowera kutentha kwa mgodi, pamenepo ndipo timaona mphamvu zace zeni zeni. Nanga bwanji tiweruza timu ndi masewera amodzi a ku dziko la eni?

Koma cacikuru koposa ndi cakuti wokhala pamwamba pa ndandanda salandira cikho. Mphotho yace ndi malo m'matimu 4 aja, ndipo wa nambala 4 naye amalandira malo omwewo. Kucokera pamenepo ndi masewera awiri okha. Goloboyi akaterereka kamodzi, kapena mpira ukafika pa mapenate, nchito ya miyezi iwiri imatha usiku umodzi. Akuru anati kuthamanga si kufika.

NANGA MBIRI IKUTI CIANI

Tsopano tiyankhe a gulu laciwiri. Tuks ya ku Pretoria inatenga cikho mu 2013 ndi mu 2014. Mu 2015 cinapita ku UWC, mu 2016 ku TUT, mu 2017 cinabwerera ku Tuks, mu 2018 ku TUT, ndipo mu 2019 ku NWU. M'caka ca 2020 mpira sunaseweredwe cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo mu 2021 inapambana ndi UJ. Onani bwino, kuyambira 2015 kufikira 2021 panalibe timu imene inasunga cikho zaka ziwiri zotsatana. TUT inafika ku fainolo zaka 5 zotsatana, kuyambira 2015 kufikira 2019, koma inapambana kawiri kokha, nigonja katatu. Ngati timu yamphamvu cotero inabwerera manja lende katatu pa kasanu, ndani angalumbire pa timu yace mpikisano uli pakati?

Cifukwa cace si cobisika. Timu ya koleji siri ngati Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates, amene amagula osewera ndi kuwasunga ndi malipiro. Lamulo la mpikisano uno likuti wosewera akhale wophunzira weni weni wa koleji imeneyo, ndipo maphunziro ace aziyenda bwino. Mnyamata akatsiriza sukulu amacoka. Akalephera mayeso, nsapato zace amazipacika. Akacita bwino kwambiri pa bwalo, matimu olipira amamuona namutenga. Cotero malaya ndi omwewo, dzina ndi lomwelo, koma anthu a m'katimo asintha. Amene akuti timu yace siiwala njira akunena za anyamata amene ena a iwo lero ali pa nchito m'maofesi.

Palinso cisokonezo cina cimene ndifuna kuti ticikonze. Ena pokangana amati Wits inatengapo ligi yaikuru ya South Africa, ndipo mwana wa ku Malawi, Gabadinho Mhango, anali momwemo. Zimenezo ndi zoona, zinacitika m'nyengo ya 2016/17. Koma imeneyo inali Bidvest Wits, timu ya osewera olipidwa, ndipo inagulitsidwa m'caka ca 2020. Timu ya ophunzira imene imalowa mu Varsity Football ndi ina, ndipo iyo inafika ku fainolo mu 2018 nigonja kwa TUT. Cimodzimodzi AmaTuks, amene anakwera kulowa m'ligi yaikuru mu 2012 natsika mu 2016. Tisasenzetse ana a sukulu ulemu umene anaugwirira nchito ndi anthu ena.

WOFUNA KUKANGANA MWANZERU

Sindikuti tileke kukangana, pakuti mpira wopanda mkangano uli ngati ndiwo zopanda mcere. Koma a gulu lacitatu, amene amakhulupirira maso ao, aonjeze pa zimene amayang'ana. Cigoli cokongola cimodzi ndi cikomekome ca mkuyu, m'kati mungakhale nyerere. Funsani kuti timuyo yamwetsedwa zigoli zingati, pakuti m'masewera a ndime yotsiriza timu yotseka bwino kumbuyo ndiyo imabvuta kuigwetsa. Funsani kuti zigoli zace zikucokera kwa anthu angati. Ngati onse akudalira mwendo wa mnyamata mmodzi, tsiku limene adzabvulala kapena kulandira khadi lofiira timu yonse idzakhala ngati makina obowolera mwala opanda mpweya. Funsani kuti yatsala kukumana ndi yani, ndipo kwao kapena kwa eni. Funsaninso ngati inayamba yabwezapo itamwetsedwa cigoli coyamba, cifukwa ana amataya mtima msanga, ndipo timu imene inaphunzira kudzuka ndiyo yoopsa. Munthu woyankha mafunso amenewa angathe kunena kuti timu yakuti iri pabwino kulowa m'matimu 4. Kupitirira pamenepo ndi kulota cabe.

NDALAMA NDI CIBALE

Tsono ndifike pa cimene candilembetsa nkhani ino. Pali abale ena amene amati akaona timu yao iri pamwamba, amayamba kubecherana ndi anzao, ndipo masiku ano njuga iri m'thumba momwe, pa foni. Timu yofika ku fainolo imasewera ka 9. Munthu woika R100 pa masewera ali onse waika R900 pa miyendo ya ana amene m'mawa mwace ali ndi mayeso m'kalasi. Ndalama imeneyo yacokera pa thukuta la mashifiti angati? Ku mudzi ikadagula feteleza, ikadagula makope ndi yunifomu ya mwana. Fodya wako ndiye ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo. Ndipo taganizani, anyamata amene tikuwacemererawo anafika pa koleji cifukwa wina kwao anasunga ndalama nawalipirira sukulu kuyambira ali ang'ono. Kapena ena a iwo ndi ana a anthu a m'migodi ngati ife. Cingakome ndi citi, kutaya malipiro pa mwana wa mwini, kapena kudzaona mwana wako atabvala malaya a koleji?

Cinanso, ngongole ya kubecha imabala cidani. Amene mwatukwanana naye usiku cifukwa ca mpira ndiye amene mudzalowa naye m'kheji m'mawa. Ndiye amene adzagogoda denga la mwala pamwamba pa mutu wanu, ndiye amene adzapfuula mwala ukayamba kulira. Pansi sitifunsa kuti iwe uli wa UJ kapena wa NWU. Munthu wolowa pansi ali ndi mkwiyo mu mtima maso ace sakhala pa nchito, ndipo tonse tidziwa mathero ace.

Cotero abale, tiyeni tikangane ndi pakamwa, tiseke, tinyozane mwacibale, koma cikwama cikhale cotseka kufikira tsiku la fainolo ndi kupitirira. Amene akuona kuti timu yace ndaicepetsa, alembe kalata kwa Mkonzi, koma alembe ndi zifukwa zace, anenenso kuti timuyo yatsala kukumana ndi yani. Tsalani bwino nonse, muturuke pansi ndi moyo.