Bokosi la Agogo Walter (Gawo 3)

Mkangano unabuka msuzi usanazizire. Ine ndinali ndikuwadulira agogo Walter nyama tizidutswa ting'onoting'ono, monga ndakhala ndikuchitira madzulo aliwonse chiyambireni ntchito yowasamalira kuno ku Lynchburg, pamene Emily, mdzukulu wawo, analoza chithunzi chakale cha msilikali chomwe chili pakhoma.

"Agogo, munthu uyu amatiyang'ana tikamadya tsiku ndi tsiku. Kodi ankamenyera chiyani?"

"Ankamenyera Virginia," anatero agogo, maso ali pambale. "Amenewa ndi agogo awo a bambo anga, ndipo analibe kapolo ngakhale mmodzi. Lincoln ataitanitsa asilikali 75,000 mu Epulo 1861 kuti akathire nkhondo abale athu a Kumwera, Virginia inakana. Chigawo chilichonse chinali ndi ufulu wodzilamulira. Nkhani inali imeneyo basi."

"Ufulu wochita chiyani, agogo?"

Supuni inagwa. Ndinaitola mwakachetechete.

Emily anasolola mapepala m'chikwama chake cha kusukulu. Mtsikanayu sakweza mawu akakwiya, amangoyankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga ndalama. Anati South Carolina, chigawo choyamba kupatuka pa 20 Disembala 1860, inalemba yokha zifukwa zake. Dandaulo lalikulu m'chikalatacho n'lakuti zigawo za Kumpoto, monga Massachusetts ndi Pennsylvania, zinkakana kubweza akapolo othawa, chonsecho lamulo la 1850 linkazikakamiza kutero.

"Mwamva, agogo? A Kumpoto atagwiritsa ntchito ufulu wa zigawo zawo, a Kumwera ndi amene anapsa mtima, nafuna kuti boma la ku Washington liwapanikize. Ufulu umenewu unkakoma pokhapokha ukamateteza mwini akapolo."

"Lincoln yemweyo analembera Horace Greeley mu 1862 kuti cholinga chake chachikulu n'kupulumutsa mgwirizano wa dziko," agogo anabweza, dzanja likunjenjemera. "Ukapolo anauika pambuyo."

"N'zoona, analembadi. Koma chimene a Kumpoto analowera nkhondo ndi funso lina, chimene a Kumwera anachokera ndi funso linanso. Alexander Stephens, wachiwiri kwa pulezidenti wawo, anaimirira ku Savannah mu Malichi 1861 n'kunena poyera kuti maziko a dziko lawo latsopano ndi akuti munthu wakuda safanana ndi mzungu. M'malamulo awo aakulu analetsa kukhazikitsa lamulo lililonse losokoneza umwini wa akapolo. Kalembera wa 1860 anapeza akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo palibe chigawo chimene chinali nawo ambiri kuposa Virginia yathuyi."

Agogo Walter si munthu wankhanza, ndimawadziwa. Usiku wina ndinadwala mutu, anakana kugona mpaka nditamwa mankhwala. Koma anakulira mumzinda umene Jubal Early, mkulu wa asilikali a Kumwera amene analimbikira kufalitsa nkhani yoti nkhondo yawo inali yolemekezeka, anakhalamo mpaka imfa yake mu 1894. Zimene mwana wayamwa pa bere sazilavula ndi pepala limodzi.

Mwadzidzidzi anatembenukira kwa ine.

"Chikondi, mwana wanga, iwe ndiwe mlendo kuno, ulibe mbali. Tatiweruza."

Mtima unagunda. Wantchito salowerera mlandu wa eni nyumba, koma lilime linandithawa.

"Agogo, mbali ndili nayo. Kwathu ndi ku Nkhotakota. Chaka chimene mizinga yoyamba ya nkhondoyi inalira ku Fort Sumter, 1861, ndi chaka chomwe David Livingstone anafika kwathu n'kupeza msika wa anthu wa a Jumbe. Anthu ankawaolotsa nyanja pazombo, ulendo wa ku Kilwa. Mpaka lero alipo okonda kukamba za mpunga ndi malonda a minyanga ya njovu a nthawi imeneyo. Agogo anga aakazi akamva zimenezo ankangofunsa kuti, nanga minyangayo ankasenza ndani?"

M'nyumba munati zii. Agogo anakankha mbale, napempha kuti ndiwaperekeze kuchipinda. Emily anatsala akutsuka mbale, misozi ikulengeza.

Nthawi itadutsa 11 koloko usiku, belu la pambali pa bedi lawo linalira. Ndinawapeza atakhala tsonga, nyale yaying'ono ili chiyakire.

"Tseka chitseko. Kwera pampando, pamwamba pa kabati pali bokosi lachitsulo."

Linali ladzimbiri, lolemera kuposa maonekedwe ake. Kiyi anamuvula m'khosi, pa kachingwe kamene ine pomawasambitsa ndinkayesa n'kamtanda.

"Bambo anga anandipatsa ali pafupi kutsirizika. Anandilumbiritsa kuti ndisadzatsegule, ndipo sindinatsegulepo. Maso angawa saonanso zilembo. Undiwerengere ndiwe."

Pamwamba panali mabatani a yunifolomu ndi Baibulo laling'ono lothetheka. Pansi pake panali pepala lofiirira, lopindidwa kanayi. Nditalitambasula ndinaona chaka cha 1859, dzina la msilikali wa pakhoma uja, ndi mzere wa maina asanu opanda maina a makolo. Kutsogolo kwa dzina lililonse kunali zaka za munthuyo ndi mtengo wake m'madola. Womaliza anali mwana wa zaka 4, ndipo pambali pa dzina lake wina analembapo mawu atatu ndi inki yosiyana.

Nditawawerenga chamumtima, malovu anauma m'kamwa.

"Bwanji wangoti duu? Palembedwa chiyani?"

Ndisanayankhe, matabwa a m'khonde analira. Mapazi anaima pakhomo penipeni. Agogo anandigwira dzanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Chikondi," ananong'ona, "bisa."

Chogwirira chitseko chinayamba kutembenuka.