N'chifukwa chiyani galimoto ya turbo imatchipa ikakalamba koma n'kumadya ndalama?

Achimwene anga anaitanitsa galimoto yakale kuchokera ku Japan, ija anyamata amati sports car, ya turbo. Mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa kagalimoto wamba kopitira kuntchito, ndiye iwo ankati achita mphumi. Tsiku lomwe inafika, ana a m'dera lathu anakhamukira kunyumba kudzamva kulira kwa injini. Patangotha miyezi 8, inayamba kufuka utsi wabuluu ndipo pachitunda inkangolira osakoka. Makaniko atayang'ana anangoti, "Achimwene, turbo yapita iyi." Atamva mtengo wa ina, achimwene anakhala chete. Galimotoyo ili pamiyala mpaka lero, pansi pake pamagona nkhuku.

Ine funso linandisowetsa mtendere: galimoto imene inali yodula ili yatsopano imatchipa bwanji chonchi? Yankho ndinalipeza m'fizikisi ndi masamu omwewa amene mukuphunzira m'kalasi.

Turbo imagwira ntchito bwanji?

Injini imapeza mphamvu powotcha petulo, ndipo moto umafuna okosijeni. Mumpweya umene timapumawu, okosijeni ndi 21 peresenti yokha. Kuti gilamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika mpweya wolemera magilamu pafupifupi 14.7. Choncho kungothira petulo wambiri sikuthandiza ngati mpweya ukuchepa. Amene munakolezapo mbaula mukudziwa: makala angachuluke bwanji, moto umalilima mukamakupiza.

Turbo ndi chokupizira cha injini. Injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa luso limeneli mu 1905. Mkati mwake muli timagudumu tiwiri ta mapiko tolumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi. Utsi wotuluka mu injini, umene ukanangotayika ku ekizozi, umazunguza kagudumu koyamba. Kachiwiri kamazungulira nawo n'kumakankhira mpweya wothinana m'masilinda. Mpweya ukachuluka, petulo wambiri amapsa, mphamvu n'kukwera. N'chifukwa chake Subaru Impreza WRX, imene inatuluka mu 1992 ndi injini ya malita 2 okha, inkatha kupikisana ndi magalimoto a injini zikuluzikulu. Colin McRae anapambana mpikisano wa World Rally Championship mu 1995 akuyendetsa Impreza.

Mphamvu imabwera ndi ngongole yake

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Utsi umene umamenya kagudumu kaja umatha kutentha kufika pa 900°C, moti galimoto ikathamangitsidwa kwambiri, chitsulo cha turbo chimafiira ngati khasu la pa ng'anjo. Injini ikakwiya imazungulira maulendo 6,000 kapena 7,000 pa mphindi, pamene turbo imatha kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi yomweyo. Pa liwiro lotero zitsulo siziyenera kukhudzana. Kachitsulo kolumikiza kaja kamayandama pa oyilo wopyapyala kwambiri, ndipo oyilo yemweyo ndi amene amachotsako kutentha.

Ndiye taganizani munthu wathamanga kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Blantyre, n'kufikira kuzimitsa injini. Pampu ya oyilo imaima nthawi yomweyo, koma turbo ikadali ng'anjo. Oyilo wotsalira mkatimo amapserera n'kusanduka timakala, timene timatseka njira zake pang'onopang'ono. Tsiku lina kachitsulo kamayamba kukhula, oyilo n'kumadonthera mu utsi. Utsi wabuluu uja ndi oyilo amene akupsa. Achimwene anavomera okha kuti ankazimitsa chonchi, komanso kuti oyilo ankagula wotchipa n'kumachedwa kusintha.

Vuto lina mungaliyese ndi pampu ya njinga. Popani kwa mphindi imodzi, kenako gwirani kumunsi kwake: kwatentha, eti? Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umachititsa kuti petulo aphulike mwachisawawa musilinda. Amakaniko amati injini ikugogoda, ndipo kugogodako kumatha kuswa pisitoni. Pofuna kupewa zimenezi, opanga amaika intercooler yoziziritsa mpweya, masensa, mapaipi owonjezera, ndipo injini zambiri zotere zimafuna petulo wa octane yokwera. Chilichonse chowonjezeracho chimathanso kuwonongeka.

Mabuleki ndi matayala nawonso ali m'gulu lomweli. Mukukumbukira KE = ½mv²? Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuisandutsa kutentha imawirikiza kanayi. Galimoto yoima kuchokera pa 120 km/h imapatsa mabuleki ntchito yowirikiza kanayi poyerekeza ndi yoima kuchokera pa 60 km/h. Matayala a magalimoto amenewa ndi otambalala komanso a labala wofewa kuti azigwira msewu, choncho amadula ndipo sachedwa kutha.

Masamu a mtengo

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Galimoto yagulidwa pa $30,000 ndipo chaka chilichonse ikutaya 15 peresenti ya mtengo wake. Fomula ndi yomwe ija: A = P(1 − r)ⁿ. Chaka choyamba chikatha yatsala pa $25,500, chachiwiri $21,675, ndipo pakutha pa zaka 5 ili pafupifupi pa $13,300. Yatsika kupitirira theka. Koma turbo yatsopano, oyilo wabwino ndi matayala sizitsika nawo. Galimoto imene mwagula pa $13,300 imafunabe masipeyala a galimoto ya $30,000.

Ogula ozindikira amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti wogula galimoto yaliwiro nthawi zambiri amaigulira kuthamanga, ndipo poyang'ana penti sungadziwe kuti mwini wake woyamba ankasintha liti oyilo. Pokhala ndi mantha amenewa, amangolola kulipira zochepa, mtengo n'kugwa. Ku Japan kulinso chiphaso cha boma chotchedwa shaken: galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo zimenezi zimadya ndalama. Eni ake ambiri amasankha kugulitsa, ndipo ena mwa magalimotowo ndi amene amatifika kuno kudzera padoko la Dar es Salaam. Kwathu kuno katundu amalemera kawiri, chifukwa masipeyala amaitanitsidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo.

Si onse amene amatchipa ayi. Nissan Skyline GT-R R34, imene inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2002, inakwera mtengo kwambiri. Anapangidwa ochepa, okonda ndi ambiri, ndipo lamulo la ku America limalola kulowetsa galimoto yotere ikakwanitsa zaka 25. Chosowa chimadula. Koma ngakhale R34 yo, turbo yake imatentha chimodzimodzi.

Yesani izi sabata ino

Funsani woyendetsa galimoto aliyense amene mumadziwana naye kuti pa chaka amawononga zingati pa petulo, oyilo, matayala, inshuwalansi ndi kugalaja. Chulukitsani ndi 5, kenako muphatikize ndalama imene galimotoyo ingataye pa zaka zomwezo pogwiritsa ntchito fomula ija. Nambala imene mupezeyo ndiye mtengo weniweni wokhala ndi galimoto. Ine ndinawawerengera achimwene patsamba la kope. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati akanakhala kuti anamvetsera masamu ali Fomu 3, bwenzi pano akuyenda.