Wapolisi, Mfuti Yobisa ndi Malire a Zigawo ku America

Pophunzira za chiyankhulo cha malamulo, ndinachita chidwi ndi lamulo lina la ku America lomwe mphamvu yake yagona pa mawu amodzi, oti "woyenerera". M'nkhani ino ndifotokoza chiyambi cha lamuloli, zimene limalola, komanso mikangano imene labweretsa.

Kuno ku Malawi apolisi onse ali pansi pa mkulu mmodzi, ndipo wapolisi wa ku Nsanje amakhalabe wapolisi akafika ku Chitipa. Ku America zinthu sizili choncho. Dzikolo lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake a mfuti, ndipo nthambi za polisi zilipo pafupifupi 18,000. Kale wapolisi wa ku Texas akapita kutchuthi ku New York atabisa mfuti m'chiuno, amatha kumangidwa ngati munthu wamba.

Pofuna kuthetsa vutoli, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa lamulo lotchedwa Law Enforcement Officers Safety Act, mwachidule LEOSA, lomwe Pulezidenti George W. Bush anasainira pa 22 July 2004. Lamuloli limalola wapolisi woyenerera, kaya ali pantchito kaya anapuma, kuyenda ndi mfuti yobisa m'chigawo chilichonse, ngakhale malamulo a chigawocho atakhala oletsa. Bungwe la Fraternal Order of Police linaliikira kumbuyo lamuloli ponena kuti wapolisi amadana ndi zigawenga moyo wake wonse, ndipo zigawengazo sizileka kumusaka chifukwa wavula yunifolomu.

Tsono woyenerera ndani? Wapolisi amene ali pantchito ayenera kukhala ndi mphamvu zomanga anthu, kuloledwa ndi nthambi yake kunyamula mfuti, ndi kuyenda ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake. Asakhale woledzera. Wopuma pantchito ayenera kuti anachoka mwamtendere, ndipo akhale atapambana mayeso owombera m'miyezi 12 yapitayo. Poyamba ankafunika kuti anagwira ntchito zaka 15, koma mu 2010 zakazo zinatsitsidwa kufika pa 10. Mu 2013 lamuloli linafikiranso apolisi a m'gulu la asilikali.

Komabe ufuluwu uli ndi malire. Mwini sitolo kapena mwini nyumba akhoza kukaniza mfuti pamalo pake, ndipo chigawo chikhoza kuiletsa m'nyumba ndi m'malo a boma. Lamuloli silikhudzanso mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza kapena zipangizo zoziziritsa kulira kwa mfuti.

Si onse amene analilandira. Bungwe la akuluakulu a polisi la International Association of Chiefs of Police linalitsutsa, monganso Senator Edward Kennedy. Nkhawa yawo inali yoti maphunziro a apolisi amasiyana chigawo ndi chigawo, ndiponso kuti wapolisi wamlendo wovala zovala wamba akatulutsa mfuti, apolisi a pamalopo akhoza kumuyesa chigawenga.

Mikangano yambiri yakathera kukhoti, ndipo kumeneko nkhani imakhala ya tanthauzo la mawu. Mu 2016, pa mlandu wa DuBerry, khoti la apilo ku Washington linalola alonda a ndende opuma pantchito kusumira boma la mzindawo, lomwe linkati iwo analibe mphamvu zomanga anthu. Mu 2024 khoti lina la apilo linagamula kuti chigawo cha New Jersey sichingakakamize apolisi opuma oyenerera kutenga chilolezo chake chapadera.

Kwa ine monga wophunzira chiyankhulo, phunziro lake ndi lakuti mawu a m'lamulo sasankhidwa mwachisawawa. Anthu awiri akhoza kuwoloka malire amodzi, aliyense ali ndi mfuti m'chiuno, wina n'kupitirira ulendo, wina n'kukagona m'chitokosi. Chowasiyanitsa ndi mmene woweruza wamasulira mawu oti "woyenerera".