Zitsulo za Nkhondo ndi Mawu Amene Zinatisiyira

1.0 Mawu Oyamba

Munthu akamayenda pa City Market mu Lusaka amaona mbaula, makasu, nkhwangwa ndi zidebe, ndipo ogulitsa amazitchula zonsezi kuti zitsulo. M'Chinyanja mawu akuti chitsulo ndi otambalala, chifukwa amaimira chitsulo chenicheni chimene makolo ankasungunula m'ng'anjo, komanso nthawi zina amaphatikiza mkuwa ndi mtovu. Nkhani ino ikufotokoza mmene boma la Britain linalipirira ndi kukulitsira ntchito yokumba zitsulo m'dziko lino pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, kuyambira 1939 mpaka 1945, ndiponso mmene chinenero chinasungira gawo la mtengo wake limene silinalembedwe m'mabuku a ndalama.

2.0 Zitsulo Zimene Nkhondo Inkafuna

Pa nthawiyo Northern Rhodesia analibe fakitale yosungunula chitsulo. Kum'mwera kwa Zambezi, boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa bungwe la RISCOM mu 1942 kuti liyendetse ntchitoyi ndi ndalama za boma, ndipo ng'anjo za ku Redcliff zinayamba kugwira ntchito mu 1948. Kuno chuma chinali mkuwa wa ku Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, wopangira mawaya ndi makoko a zipolopolo. Mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, unkatulutsa mtovu, zinki ndi vanadium, imene imasakanizidwa ndi chitsulo kuti chilimbe.

3.0 Njira Zitatu Zolipirira

Njira yoyamba inali mtengo woikika. Mu 1939 unduna wa Ministry of Supply unagwirizana ndi makampani kuti uzigula mkuwa pa mtengo umene boma lakhazikitsa, ndipo malonda a mkuwa pa msika wa zitsulo ku London anatsekedwa mpaka 1953. Motero makampani anapeza wogula wodalirika, koma sakanatha kukweza mtengo ngakhale mkuwa unkafunika kwambiri.

Njira yachiwiri inali thumba la boma. Mu 1940 Britain anakweza msonkho wa phindu lopitirira la nthawi ya nkhondo kufika pa 100 peresenti. Popeza phindu lowonjezera linkapita ku msonkho, eni migodi analibe chidwi chothira ndalama zawo m'ntchito zatsopano. N'chifukwa chake boma lenilenilo linapereka ndalama zothandizira kukulitsa mgodi wa Nchanga, umene unali utangoyamba kutulutsa mkuwa mu 1939.

Njira yachitatu inali thukuta la anthu akuda. M'mwezi wa Marichi 1940 azungu a m'migodi ananyanyala ntchito nawonjezeredwa malipiro. Anthu akuda a ku Nkana ndi Mufulira atachita chimodzimodzi, asilikali anawawombera ku Nkana pa 3 Epulo, ndipo anthu 17 anafa. Komanso anthu a m'migodi ankafunika chakudya. Chimanga chitachepa, boma la ku Lusaka linayamba mu 1942 kugwira amuna m'midzi kuti akalime m'mafamu a azungu a m'mbali mwa njanji, ndipo dongosololi linapitirira mpaka 1952, nkhondo itatha kale.

4.0 Umboni wa Chinenero

Mawu ambiri a ntchito ya m'migodi analowa m'Chinyanja kudzera mwa anthu opita kukagwira ntchito kutali. Mawu akuti mgodi anachokera ku zinenero za kum'mwera, kumene umgodi ndi dzenje. Kapitao anachokera ku Chipwitikizi. Tikiti linali pepala lodindidwa tsiku lililonse la ntchito, ndipo munthu ankalandira malipiro likakwana masiku 30. Chitupa chinali chiphaso chimene munthu wakuda ankayenera kuyenda nacho.

Mawu ofunika kwambiri ndi chibalo. Poyamba ankatanthauza ntchito yolembedwa pa pangano, makamaka yochita kukakamizidwa. Lero munthu akanena kuti mwana wapatsidwa chibalo kusukulu, amatanthauza chilango basi, ndipo za pangano zinaiwalika. Kusintha kumeneku kukusonyeza mmene olankhula chinenerochi anaionera ntchitoyo: chimene boma linkachitcha kuthandiza pa nkhondo, iwo anachikumbukira ngati chilango.

5.0 Mawu Omaliza

Malipoti a makampani amalemba matani a mkuwa, msonkho, ndi ndalama zimene British South Africa Company inkalandira monga mwini miyala mpaka 1964. Salemba minda imene inagona amuna atatengedwa, kapena maliro a ku Nkana. Choncho wofufuza mbiri ya chuma ayenera kufunsanso mawu a anthu wamba. Akuluakulu amene anaona nthawiyo atsala ochepa, ndipo ntchito yolemba matanthauzo a mawuwa monga iwo ankawagwiritsira ntchito siyenera kuchedwa.