Chepetsani Shuga mu Tiyi Pang'onopang'ono

Alipo ena mwa ife amene amathira masupuni 4 a shuga m'kapu imodzi ya tiyi. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asamapyole masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku, kuwerengera pamodzi ndi shuga wa m'zakumwa za m'mabotolo, mabisiketi ndi maswiti. Shuga wochuluka amaoletsa mano ndi kunenepetsa thupi, ndipo kunenepa kwambiri kumaitana matenda a shuga.

Musaleke lero lomwe, chifukwa chibaba chidzakugonjetsani. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, ndipo lilime lidzazolowera. Chibabachi chimakula m'mimba mukakhala mopanda kanthu, choncho m'mawa imwani phala lothira nsinjiro. Chikakugwirani masana, idyani nthochi kapena papaya. Amayi, mwana akamalira pa sikelo musamutonthoze ndi maswiti.