Zilembo zophonya malo pa katundu woopsa zingathe kuika miyoyo pachiswe

NTCHEU - Dzinja likamayandikira, magalimoto onyamula mankhwala ophera tizilombo m'mbewu amachuluka pa msewu wa M5, umene umadutsa m'chigwa cha Bwanje kuchokera ku Balaka kulowera ku Salima. Alimi a thonje m'chigwachi amadalira mankhwalawa, koma ambiri mwa mankhwalawa ndi poizoni. Chimene chimauza dalaivala, wosunga katundu kapena wapolisi za kuopsa kwake ndi kapepala komatidwa pa katoni kapena pa mgolo.

Kapepalaka kali ndi malamulo ake. Bungwe la United Nations linatulutsa koyamba ndondomeko ya kanyamulidwe ka katundu woopsa mu 1956, ndipo lero katunduyu amagawidwa m'magulu 9. Chizindikiro chake chimakhala cha mbali zinayi zofanana, choimikidwa pa ngodya, ndipo mbali iliyonse siyenera kuchepera mamilimita 100 pokhapokha ngati phukusi ndi laling'ono kwambiri. Nambala ya gulu imalembedwa pa ngodya ya m'munsi. Zamadzimadzi zoyaka msanga zili m'gulu 3, pomwe poizoni, wokhala ndi chithunzi cha chibade ndi mafupa opingasa, ali m'gulu 6.

Tsono ngodya ya m'munsiyo ndi yopapatiza. Makina osindikizira akangotsitsa zilembo pang'ono, nambala ya gulu imadulidwa. Chimodzimodzinso nambala zinayi zotsatira zilembo za UN: UN 1202 ndi dizilo, UN 1203 ndi petulo. Nambala yomaliza ikagwera kunja kwa pepala, wolandira sangasiyanitse mafuta awiriwa, chonsecho petulo amagwira moto ngakhale kunja kukuzizira.

Choopsa kwambiri ndi aluminium phosphide, UN 1397, amene amagwiritsidwa ntchito pofukiza chimanga m'nkhokwe zikuluzikulu. Chizindikiro chake ndi chabuluu, chochenjeza kuti asakhudzane ndi madzi, chifukwa akanyowa amatulutsa mpweya wakupha umenenso ungathe kuyaka. Galimoto itagubuduka pa Bwanje, anthu achifundo amathamangira madzi. Chowaletsa n'chizindikiro chowerengeka bwino basi.

Kawirikawiri vuto silikhala la makina, koma la woika miyeso pa kompyuta. Ngati tsamba laikidwa pa A4 pomwe kapepala komata ndi kakang'ono, kapena ngati kompyuta yauzidwa kuti ichepetse yokha zolembedwa kuti zikwane patsamba, zonse zimasuntha, ndipo chizindikiro chimatha kuchepera muyeso wovomerezeka. Muyeso wa tsamba ufanane ndi wa kapepalako, ndipo kukula kwa zosindikiza kukhale pa 100 peresenti. Ndi bwino kusunga chikalatacho ngati PDF, popeza kompyuta ina ikasowa mtundu wa zilembo umene unagwiritsidwa ntchito imaikapo wina wotambalala mosiyana.

Makina osindikiza pa mpukutu amazindikira pothera kapepala kalikonse poona mpata wa pakati pa timapepalato. Akasokonezeka, kapepala koyamba kamaphonya pang'ono, kachikhumi kamaphonya kwambiri. Mankhwala ake ndi kupukuta diso la makinawo ndi kuwatcheranso nthawi iliyonse mpukutu ukasinthidwa. Pa makina a mu ofesi, yambani mwasindikiza pa pepala wamba, mulisanjike pa pepala lomatalo ndi kuliyang'ana powala. Zimenezi sizitha ngakhale mphindi ziwiri, koma ambiri amazidumpha chifukwa galimoto ikudikira panja.

Kukonza ndi cholembera si njira. Inki imasuluka ndi mvula ndi dzuwa la m'chigwa, ndiponso nambala yolembedwa pamanja imabutsa chikayiko ngati katunduyo ndi weniweni. Kapepala kolakwika kachotsedwe, kasindikizidwe kena.

Kuno kwathu, lamulo la Pesticides Act la chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, lomwe limalembetsa mankhwalawa ndi kuyang'anira malonda ake. Komabe oyendera a bungweli sangakhale pa nkhokwe iliyonse pamene katundu akutsitsidwa. Amene amakhalapo ndi mkulu wogula katundu, wosunga katundu kapena mlangizi wa zaulimi. Iwowa asanasaine chikalata cholandirira, afananize dzina ndi nambala ya UN ya pa phukusi ndi zimene zili pa zikalata za dalaivala. Zikasiyana, kapena zikapanda kuwerengeka, katunduyo aikidwe padera pamalo ouma mpaka wogulitsa atabweretsa timapepala tolondola.